KHOSWE WA PA MKHATE: Wa Lendi Akasandutsa Nyumba Yanu Cigono ca Alendo

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za bvuto limene likufikira eni nyumba ambiri masiku ano. Bvutolo ndi ili: munthu amene munamlowetsa m'nyumba mwanu kuti akhalemo ndi kulipira lendi pa mwezi, watembenuka nayamba kugonekamo alendo a usiku umodzi kapena masiku atatu, nalandira ndarama kwa iwo, inu eni ace osadziwa kanthu. Kodi mwini nyumba acite ciani akapeza zotere?

Tisanayankhe, tiyambe takumbukira cifukwa cace nkhani iyi iri yolemera kwa ife. Akulu-akulu amene anagwira nchito pa mgodi kale adziwa kuti nyumba ya m'komboni inali ya kampani. Nchito ikatha, nyumbanso inali kutha. Zinthu zinasintha m'caka ca 1996, pamene Boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za makhansulo kwa anthu okhalamo, ndipo kuyambira 1997 nyumba za ZCCM nazonso zinagulitsidwa kwa anchito ace. Pofika 2000 migodi inali italowa m'manja mwa makampani ena, ndipo amuna ambiri anacotsedwa nchito. Kwa ambiri a iwo mtengo wa nyumba unadulidwa pa ndarama zao zotsiriza. Cotero munthu wa ku Wusakile kapena ku Chamboli, wa ku Kantanshi, wa ku Mpatamatu kapena ku Chiwempala, anatsala ndi cuma cimodzi cokha ca thukuta la zaka zace zonse za pansi pa nthaka, ndico nyumba. Ena anasamukira ku minda, ena anamanga kanyumba kuseri kwa bwalo, naika munthu wa lendi m'nyumba yaikuru. Lendi imeneyo ndiyo ufa wao, ndiyo mankhwala ao, ndiyonso yunifomu ya adzukulu.

ZIMENE ZINAONEKERA MALUME ANGA

Malume anga ndi mmodzi wa anthu otere. Anagwira nchito pa mgodi ku Mufulira kufikira imvi, ndipo atapuma anapita kukalima, nasiya nyumba yao ya zipinda zitatu m'manja mwa mnyamata waulemu, wa banja la ana awiri. Caka coyamba cinapita bwino. Lendi inali kufika pa foni tsiku lace, ndipo malume sanaone cifukwa ca kutayira ndarama pa basi kukazonda nyumba yopanda mlandu.

Tsiku lina mai wa nyumba yoyandikana nayo anawaimbira foni nati, "Atate, kodi nyumba ija munagulitsa? Pakuti ife kuno tiona nkhope zacilendo sabata iri yonse. Dzulo kunagona amuna asanu ndi galimoto lao, ndipo ana athu sanaone tulo cifukwa ca phokoso."

Malume anakwera basi m'mawa mwace. Pofika anapeza mkazi wosamdziwa akusesa pa khonde, zipinda zonse ziri ndi maloko atsopano, ndi m'cipinda codyera muli mabedi awiri. Mnyamata uja sanali kugonamonso. Mtima wa malume unatentha, ndipo anapita molunjika kwa mmisiri kukabwereka nyundo ndi cizulo, kuti azule citseko ca kutsogolo ndi kutaya katundu yense pa bwalo. Mwai wace mmisiriyo anali mnzao wa pa mgodi, ndipo anawakhazika pansi nati, "Acimwene, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mukaponya mwala, mudzaswa mkhate wanu womwe." Mau amenewa ndiwo mutu wa nkhani yanga yonse. Za mathero a mlandu wa malume ndidzakuuzani tisanatsazikane.

MLENDO NDI WOGULA TULO

Coyamba tisiyanitse zinthu ziwiri, kuti tingalakwire munthu wosacimwa. Ife ndife anthu a cibale, ndipo palibe mwini nyumba wanzeru amene angaletse wa lendi kulandira amace ocokera ku Chipata, kapena mphwace wodzafuna nchito, kapena anthu odzakhuza maliro. Makolo anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mlendo wotere adya pa mbale ya mwini wace, ndipo akalakwa, womlandirayo ayankha.

Koma munthu amene apereka ndarama kuti agone, amene wa lendiyo sadziwa kwao kapena mfunda wace, ameneyo si mlendo iai. Ndi wogula tulo, ndipo nyumbayo yasanduka malonda. Ogula otere ndi ambiri m'dziko lathu. Alipo anchito a makontrakitala obwera pa mgodi kwa masabata awiri, amalonda opita ku Kasumbalesa ndi obwerako, anthu odzaona Trade Fair ku Ndola kapena mpira pa bwalo la Levy Mwanawasa, ndi makolo odzaona ana ao akulandira madigiri ku Copperbelt University. Kale munthu wotere anali kufunsa m'njira kumene kuli nyumba ya alendo. Lero atsegula foni yace napeza cipinda pa Facebook, pa WhatsApp, kapena pa Airbnb, kampani imene inayamba ku San Francisco m'caka ca 2008 ndi nchito yomweyi ya kukumanitsa eni zipinda ndi apaulendo. Bvutoli si la ife tokha: ku London munthu saloledwa kugoneka alendo olipira m'nyumba yace yonse mausiku oposa 90 pa caka popanda cilolezo ca khansulo.

Cimene cikopa wa lendi ndi masamu apafupi. Tinene mwacitsanzo kuti lendi ya nyumba ndi K2,000 pa mwezi. Akalipiritsa K400 pa usiku, mausiku 5 okha abweza lendi yonse, ndipo otsalawo ndi phindu lace.

MWINI NYUMBA ATAYA CIANI?

Wina angafunse kuti, "Nanga ngati lendi ifika pa nthawi yace, cobvuta n'ciani?" Zobvuta zilipo, ndipo zonse zigwera mwini nyumba.

Nyumba yomangidwira banja limodzi ikamalandira anthu atsopano masiku onse, ikalamba msanga. Mipope idontha, cimbudzi citsekeka, zitseko ziguluka, ndipo mawaya a magetsi alemedwa ndi mbaula, simbi ndi maketulo ambiri. Munthu wocoka mawa sasamala khoma limene sadzalionanso. Ngongole ya madzi ikaunjikana, kampani ya madzi idzafuna munthu amene dzina lace liri m'buku lao, ndipo kawiri-kawiri munthuyo ndinu.

Ngati munalipira inshuwaransi ya nyumba monga yokhalamo banja, ndipo moto wabuka iri yodzaza ndi alendo olipira, kampaniyo ikhoza kukana kulipira, pakuti nchito ya nyumbayo inasintha iwo osauzidwa. Katundu wakuba akapezeka m'menemo, apolisi adzayamba kufunsa kuti nyumba ndi ya yani. Ndiponso pali cuma cina cosawerengeka ndi ndarama, ndico mtendere wanu ndi anansi amene munakhala nao zaka zambiri, amene munaika nao maliro ndi kubvina nao maukwati. Nkhuyu zodya mwana zipota akulu.

LAMULO LINENA CIANI?

M'Zambia nyumba zokhalamo zobwereketsa ndi ndarama ziyang'aniridwa ndi lamulo lochedwa Rent Act, la m'caka ca 1972, limene ndi Mutu 206 wa Malamulo a dziko lino. Lamuloli liri ndi manja awiri, ndipo mwini nyumba ayenera kuwadziwa onse.

Dzanja loyamba licinjiriza inu. Wa lendi alibe mphamvu ya kubwereketsa nyumbayo, kapena mbali yace, kwa munthu wina popanda cilolezo colembedwa ca mwini wace. Kuswa pangano la lendi, kusautsa anansi, ndi kuononga nyumba mwa kusasamala, ziri pakati pa zifukwa zimene bwalo la milandu lingalamulire kuti munthu atuluke.

Dzanja laciwiri licinjiriza wa lendi. Mphamvu ya kutulutsa munthu m'nyumba iri ndi bwalo, si ndi mwini nyumba. Simuloledwa kulanda katundu wace cifukwa ca ngongole ya lendi popanda cilolezo ca bwalo, ndipo kumdulira madzi kapena magetsi, kapena kumsautsa dala kuti athawe, ndi mlandu pa inu. Cherani khutu apa, abale anga. Munthu wozula citseko kapena kusasula malata alowa m'bwalo ali wodandaula, natulukamo ali wolipira. Apolisinso satulutsa munthu m'nyumba pa mau anu okha. Nkhani ya lendi ndi ya ku bwalo.

Dziwaninso kuti nyumba imene munthu wapatsidwa ndi kampani cifukwa ca nchito yace iyendera pangano la nchitoyo. Inu amene mukhala m'nyumba za kampani ndi kuganiza zogonekamo alendo olipira, werengani pangano lanu, mungataye nyumba ndi nchito pamodzi.

Pali lamulo linanso, la Tourism and Hospitality Act la 2015, limene lifuna kuti malo ogoneka alendo mwa malonda akhale ndi laisensi ya Zambia Tourism Agency. Khansulo nayonso iri ndi mau pa kusandutsa nyumba yokhalamo kukhala ya malonda, ndipo ndarama zopezeka m'menemo ziri ndi msonkho wace ku Zambia Revenue Authority.

MASITEPE OYENERA

Tsono mwini nyumba ayende bwanji? Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Coyamba, pezani umboni. Mau akuti "ndinamva" sagwira nchito pamaso pa woweruza. Ngati nyumba yanu yalengezedwa pa intaneti, uzani mwana kapena mdzukulu wodziwa foni ajambule cilengezoco, cithunzi ca nyumba, mtengo ndi tsiku, pakuti cinthu cotere cifafanizika m'kamphindi munthu akacenjera. Lembani m'kabuku masiku amene anansi anaona alendo, ndipo funsani ngati mmodzi wa iwo angalole kuima monga mboni. Yerekezani madzi ndi magetsi a miyezi ino ndi a caka catha.

Caciwiri, werengani pangano lanu, muone cimene linena za anthu okhala m'nyumbamo. Ngati munapangana pakamwa pokha, sonkhanitsani marisiti ndi mauthenga a pa foni osonyeza lendi imene inali kulipidwa.

Cacitatu, kazondeni nyumba, koma mwaulemu. Tumizani mau kuti mudzafika tsiku lakuti, ndipo mupite ndi munthu mmodzi wacikulire. Musalowe ndi kiyi wanu mwini wace palibe, cifukwa tsiku limenelo kanthu kakasowa, wakuba mudzakhala inu. Mukapezamo alendo musawakalipire. Iwo analipira ndarama zao osadziwa za mlandu wanu.

Cacinai, khalani pansi ndi wa lendiyo pamaso pa mboni, monga mkulu wa mpingo kapena munthu wina wolemekezeka kwa nonse awiri. Muonetseni zimene mwapeza, ndipo mumlole alankhule. Ambiri adzati, "Amenewa ndi abale anga." Pamenepo cithunzi ca mtengo wa pa usiku cidzayankha m'malo mwanu.

Cacisanu, zimene mwakambirana zilembedwe m'kalata. Kalatayo inene cimene calakwika, tsiku limene malondawo ayenera kulekeka, zoonongeka zofunika kukonza, ndi kuti zikapitirira mudzapita ku bwalo. Lembani makalata awiri ofanana, iye asaine pa yanu. Makampani onga Airbnb nawonso ali ndi njira yolandirira madandaulo, ndipo mukhoza kuwadziwitsa kuti nyumbayo yalengezedwa popanda cilolezo canu.

Cacisanu ndi cimodzi, munthu akakana kumva, pitani ku ofesi ya bwalo la mejisitiriti mukafunse kumene mlandu wanu uyenera kulembetsedwa. Amene alibe ndarama za loya akafunse thandizo ku Legal Aid Board. Njirayi icedwa, inde, koma mlandu suola, ndipo munthu wotulutsidwa ndi kalata ya bwalo sabweranso kudzakusumirani.

NJIRA ZITATU

Si mlandu uli wonse uyenera kuthera pa kutulutsana. Mwini nyumba ali ndi njira zitatu, ndipo asankhe ali ndi mtima wozizira.

Njira yoyamba ndiyo kuleketsa malondawo ndi kusunga wa lendi. Ngati munthuyo anali wokhulupirika pa lendi, wabvomera kulakwa kwace, ndipo alola kukonza zoonongeka, kumbukirani kuti nyumba yopanda munthu miyezi iwiri idya ndarama zambiri, ndipo wobwera m'malo mwace simumdziwa.

Njira yaciwiri ndiyo kulola malondawo, koma poyera. Ngati nyumba iri pa malo oyenera ndipo anansi sadandaula, pangano latsopano lilembedwe: lendi yokwererapo kapena gawo lanu pa phindu, cikole cacikuru ca zoonongeka, ciwerengero ca anthu ogona usiku umodzi, buku lolembamo dzina ndi nambala ya citupa ca mlendo ali yense, laisensi, inshuwaransi yoyenera, ndi dzina la wolipira madzi ndi msonkho. Cimodzi mwa izi cikasoweka, musasaine.

Njira yacitatu ndiyo kulekana. Munthu amene anama umboni uli pamaso pace, kapena amene abwereza atalonjeza, pangano lace lithe mwa lamulo.

KWA INU A LENDI

Ndiri ndi mau kwa inunso amene mukhala m'nyumba za eni ace. Tidziwa kuti nchito za makontrakitala zitha mwadzidzidzi, ndipo ufa sutsika mtengo cifukwa munthu wacotsedwa nchito. Koma nyumba imene mugulitsa tulo lace ndi ukalamba wa munthu wina. Ngati muona mwai wa malonda, pitani kwa mwini wace usana, mumuuze maganizo anu. Akakana, wakana cace. Akabvomera, mudzagona opanda mantha a kugogoda kwa pa citseko. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ndipo m'matauni mwathu eni nyumba afunsana za munthu asanampatse makiyi.

MATHERO A MLANDU WA MALUME

Tsono tibwerere ku Mufulira. Malume anabweza nyundo ija, nagona kwa mnzao. Mdzukulu wa mnzaoyo anapeza cithunzi ca nyumba pa foni, mtengo wa pa usiku uli pansi pace. Patapita masiku atatu anakhala pansi ndi mnyamata uja pamaso pa mkulu wa mpingo. Poyamba anakana, koma ataona cithunzico anaweramitsa mutu nati, "Atate, ndalakwa. Nchito inatha miyezi isanu yapitayo. Mkazi ndi ana ndinawatumiza kwa apongozi, ine ndigona kwa mnzanga. Ndinacita manyazi kukuuzani, ndipo ndinaopa kuti lendi ikacedwa mudzanditulutsa."

Malume anati, "Mwana wanga, njala ndiidziwa, inenso ndinacotsedwapo nchito. Ukadabwera kwa ine tikadaona pamodzi cocita. Cimene candiwawa si ndarama, koma kuti ndinamva za nyumba yanga kwa anansi."

Analemba kalata tsiku lomwelo. Alendo analeka kubwera sabata yomweyo, mnyamatayo anakonza mipope ndi zitseko ndi manja ace, ndipo patapita miyezi itatu anapereka makiyi nacoka mwamtendere. Malume anataya ndarama ndithu, pakuti utoto wa nyumba yonse ndi ngongole yotsala ya madzi zinagwera iwo. Koma nyumba inatsala ndi citseko cace, ndipo palibe amene anawaitanira ku bwalo.

Wa lendi watsopano asanalowe, analemba pangano la mau omveka. Linachula maina a okhalamo. Linanena kuti nyumbayo ndi yokhalamo iye ndi banja lace cabe, ndi kuti saloledwa kugonekamo munthu wolipira ndarama, ngakhale kwa usiku umodzi, kapena kuilengeza pa intaneti, popanda kalata ya mwini wace. Mau akuti "ngakhale kwa usiku umodzi" ndi ofunika, pakuti pangano longoti "usabwereketse kwa wina" lisiya mpata wakuti munthu atsutse kuti wogona usiku umodzi sanabwereke nyumba. Linanenanso kuti mbale wokhala kupitirira mwezi adziwike kwa mwini nyumba, ndi kuti mwini nyumba adzafika kudzazonda pa miyezi itatu iri yonse atatumiza mau. Ndipo tsopano malume akafika ku Mufulira, ayamba alonjera mai wa nyumba yoyandikana nayo, atanyamula kathumba ka mbatata za ku munda.

Inu amene muli ndi nyumba ya lendi, tsegulani bokosi lanu usiku uno muone ngati pangano lanu liri ndi mau otere. Ngati mulibe, mwezi ukatha, polandira lendi, khalani pansi ndi munthu wanu muwaonjezere, nonse awiri musaine pamaso pa mboni. Ndipo amene simunaone nyumba yanu caka cino, sungani ndarama ya basi.

Nthawi yathu yatha. Inu akunka pansi pa mgodi usiku uno, muyende bwino ndi kuturukamo bwino. Inu nonse otsala, gonani bwino.